Kodi Nkuononga Kutenga Ana Kukaona Mzinda?

Pakutha pa mwezi, anthu a nchito akalandira malipiro ao, m'mbali mwa mseu waukulu wa M1, kuyambira pa Jenda kufikira pa Chikangawa, mumaoneka mabanja ataima m'mawa wa Loweruka, nkhungu isanachoke pa mitengo ya paini. Bambo wavala jekete, mai wabereka khanda, ndipo ana awiri kapena atatu, odzola mafuta mpaka kunyezimira, alikunjenjemera ndi chisanu ndi chimwemwe pamodzi. Sapita ku maliro, sapita ku chipatala, sanyamulanso kanthu kokagulitsa. Afuna kuti ana akaone Mzuzu, agone usiku umodzi kwa mbale, nabwerere Lamulungu madzulo. Anansi akaona zimenezi amagawikana. Ena amati banja limenelo lidziwa kulera. Ena amapukusa mutu nati, ndalama zawachulukira. Funso limeneli lafika kangapo m'misonkhano ya mabanja achikristu, ndipo makatekisiti athu amafunsidwa kuti agamule. Tsono nkoyenera kuti tiliganizire modekha, pakuti m'kati mwake muli nkhani ya chuma, ya choonadi ndi ya mitima ya ana.

Tiyambe ndi mau a otsutsa, ndipo tisawachepetse, chifukwa ambiri mwa iwo ndi anthu anzeru amene adaona njala. Iwo amati: ndalama ya ku Chikangawa imabwera ndi thukuta. Nkhalango imeneyi, ya mahekitala oposa 50,000, Boma lidaikuza makamaka kuyambira m'chaka cha 1964, ndi cholinga chakuti mitengo yake idzapite ku fakitale ya mapepala pa Chintheche. Fakitaleyo sidamangidwe, ndipo mitengo idasanduka ya matabwa. Lero ena agwira nchito pa fakitale ya Raiply, ena acheka matabwa m'nkhalango, ena asenza matabwawo pamutu kutsika ndi kukwera zitunda, ena agulitsa bowa pa mseu nyengo ya mvula. Moto wa chilimwe ndi kudula kosabwezera zidatha mbali yaikulu ya mitengo, kotero kuti nchito siipezeka monga kale. Ndipo chiyambire mwezi wa Novembala 2023, pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wa ulendo uliwonse udakwera. Kodi munthu amene sadagule feteleza, amene mwana wake apita ku sukulu ndi yunifolomu yong'ambika, angatenge bwanji ndalama ya anthu asanu kukaipereka kwa kondakitala wa minibasi, kuti ana akangoona nyumba zosanja ndi magetsi?

Pamenepa tiyenera kuvomereza msanga: ngati ulendo udya chakudya cha mawa, kapena ngati uyendedwa ndi ndalama ya katapila, palibenso chokambirana. Chilungamo chiyamba chisangalalo chisanabwere, ndipo bambo amene ali ndi ngongole kwa mnzake wosauka alibe ufulu wokaonetsa ana mzinda ndi ndalama ya mwini. Chomwechonso amene apita kuti anansi amuone alikupita; ulendo wotere ngwa kunyada kwa bambo, ana angotengedwa ngati mboni.

Koma mabanja ambiri amene tikunena sali otero. Asunga pang'onopang'ono miyezi itatu kapena inai, mwina m'banki ya m'mudzi, mwina pogulitsa nkhuku. Kwa amenewa funso lisintha, likhala lakuti: kodi chinthu chimene sichidzaza nkhokwe chingakhale chofunika? Alipo akristu abwino amene m'mtima mwao amakhulupirira kuti chilichonse chokondweretsa chili pafupi ndi tchimo. Eklezia saphunzitsa chomwecho. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adalemba kuti monga thupi lotopa lifuna kupuma, mzimunso uli ndi kutopa kwake, ndipo mpumulo wake ndi chisangalalo choyenera. Iye adafika ponena kuti munthu wokana chisangalalo chilichonse, amene alemetsa anzake ndi nkhope yake ya masiku onse, nayenso alakwa. Adakumbutsanso nkhani yakale ya Yohane Woyera Mtumwi, amene anthu ena adakhumudwa atampeza alikusewera ndi ophunzira ake. Mtumwiyo adauza mmodzi wa iwo, amene adali ndi uta, kuti aponye mivi. Ndipo atamfunsa ngati angathe kukoka utawo kosalekeza, munthuyo adavomera kuti ungathyoke. Ife a kuno, zidzukulu za alenje, sitifunika kutanthauziridwa zimenezi.

Tionjeze kuti banja la kumudzi kawirikawiri siliona nthawi yokhala pamodzi popanda nchito. Bambo amuona ana ali wotopa, mai amuona ali pa moto kapena pa chitsime. Pa ulendo mwana akhala pa miyendo ya bambo wake maora awiri, namfunsa dzina la phiri lililonse. Aona thanthwe lija lofanana ndi njovu. Amva makolo ake alikuseka. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi adzaiwala malaya amene mudamgulira chaka chimenecho, koma tsiku limene adaona Mzuzu koyamba adzalisimba ali ndi imvi. Chimenechi sichilowa m'kaundula wa sitolo, komabe ndi chuma cha banja.

Chitsutso chachiwiri ndicho cholemera, ndipo chimachokera kwa agogo. Iwo sadandaula za ndalama kwenikweni; amaopa maso a mwana. Amati mwana amene waona mzinda sabwera yense, theka la mtima wake limatsala komweko. Ndipo ndani ku Mzimba angawaseke? Boma lino lidatumiza amuna ake ku migodi ya ku South Africa ndi ku Rhodesia kwa mibadwo ingapo. Ngakhale pamene Boma lidaletsa Wenela kulemba anthu, itagwa ndege ija ku Francistown m'mwezi wa Epulo 1974 ndi kupha anthu athu oposa 70, njira ya ku Joni sidamere udzu. Mpaka lero m'midzi yambiri muli nyumba za malata zokongola, zokhalamo akazi ndi ana okha, ndi anyamata amene amaleka sukulu chifukwa pasipoti aiyesa yoposa satifiketi. Agogo amene analera zidzukulu za matchona ali nacho chifukwa choopera chilichonse chimene chiphunzitsa mwana kuti moyo weniweni uli kwina.

Komabe tifunse: kodi kubisa mzinda kungachiritse nthenda imeneyi? M'masiku a makolo athu mwina kukadatheka. Lero mzinda ufika wokha m'mudzi, m'thumba la malaya. Mwana aona pa foni ya mkulu wake zithunzi za ku Johannesburg, za anthu oimirira pambali pa galimoto zimene si zao, ovala zovala za tsiku limodzi. Pa zithunzipo sipaoneka chipinda chogonamo anthu asanu ndi mmodzi, sipaoneka mantha a wopanda mapepala. Ndiye kuti mwana adzaudziwa mzinda ndithu. Chotsala nchakuti adzaudziwa kwa yani. Akaudziwa kwa zithunzi, adzadziwa bodza lokoma. Akaudziwa atagwira dzanja la bambo wake, angathe kudziwa zoona. Ine ndiyesa kuti apa ndipo pagona nkhani yonse, ndi kuti ulendo womwewo ungakhale mankhwala kapena poizoni monga mwa zimene makolo asankha kuonetsa ndi kunena.

Taganizani za banja limene litsika m'depoti ya Mzuzu ndi kulunjika ku sitolo yaikulu, nkukhala m'menemo mpaka dzuwa kupendeka, ana alikuyenda pakati pa mashelefu odzaza ndi zinthu zimene sangazigule. Kodi aphunzira chiyani? Aphunzira kuti dziko lili ndi zokoma zosawerengeka, kuti ena amazitenga mosaganiza, ndi kuti bambo wao ndi munthu wochepa. Sindinena kuti kulowa m'sitolo yaikulu nkulakwa, ai. Ana alowe, aone, agulidwe kanthu kamodzi kamene adalonjezedwa. Koma sitolo si mzinda. Mzinda ndi anthu ogwira nchito. Muonetseni mwana wa kabaza alikupalasa njinga pa chitunda atanyamula munthu wolemera kuposa iye. Muonetseni amai a mumsika amene adadzuka usiku kukapikula usipa wa ku Nkhata Bay ndi nthochi. Pitani naye kumene akalipentala akhoma mipando ndi zitseko, ndipo mumuuze kuti matabwa amenewa adachokera kwathu, mwina adawasenza ndi amalume ako. Mwana amene wamva mau otere sabwerera ndi manyazi, chifukwa waona kuti mzinda udalira mudzi wake, ndi kuti denga la nyumba ya bwana lagona pa paini wa ku Chikangawa.

Nkwabwinonso kumuuza kuti Mzuzu ndi wamng'ono m'zaka kuposa agogo ena amene ali moyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 padali munda wa mitengo ya tung ndi nyumba zowerengeka. Dayosizi ya Mzuzu idakhazikitsidwa mu 1961, Ambuye Jean-Louis Jobidon nakhala episkopi wake woyamba, pamene misyoni ya Katete kuno kumwera idali kale ndi zaka zoposa makumi awiri. Malowa adatchedwa mzinda mu 1985. Yunivesite ya Mzuzu idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Ndipo kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 220,000. Zonsezi zidachitika ndi manja a anthu ochokera m'midzi ngati yathu. Mwana wa sitandade 4 akaima pa chipata cha yunivesite ku Luwinga, nauzidwa kuti olowa m'menemo adayamba ndi kope ndi pensulo monga iye, chilakolako chimene chidzuka mwa iye nchosiyana kutalitali ndi chimene chidzuka pa shelefu ya maswiti. Si chilakolako chonse chimene chili choipa. Udindo wa kholo ndi kusankha chimene achithirire madzi.

Pali yeso lina limene makolo ambiri amagwamo pa ulendo wotere, ndilo bodza laling'ono. Mwana alira chidole. Bambo, poopa maso a anthu, amati tidzagula pobwerera, alikudziwa kuti sadzadutsanso pamenepo. Kapena amati chimenecho nchoonongeka, kapena amuopseza kuti wapolisi uja amanga ana olira. Tiyesa zazing'ono, koma mwana amasunga. Adzazindikira kuti pa nkhani ya ndalama mau a bambo sakhulupirika, ndipo choposa apo, adzaphunzira kuti kusowa ndi chinthu chobisa. Nkwabwino koposa kumuuza poyera musananyamuke kuti ndalama imene tili nayo ndi yakuti, ya ulendo ndi iyi, ya chakudya ndi iyi, ndipo aliyense adzasankha kanthu kamodzi. Mwana alira ndithu, pakuti ndi mwana. Koma kulira kumatha pofika pa Lusangazi, pamene bodza likhala zaka.

Ndipo adzaona zina zimene simudakonze. Adzaona ana a msinkhu wake, osasamba, alikupempha pa khomo la sitolo, ena atatsogolera kholo losaona. Kumudzi umphawi ulipo, koma mwana wogona pa khonde la sitolo kulibe. Wamasiye amakhala ndi kwa azakhali. Mwana wanu adzafunsa. Mukamkoka dzanja ndi kunena kuti usawayang'ane, ndi akuba, mwamphunzitsa m'kamphindi chimene katekisimu wa zaka zitatu adzavutika kuchichotsa. Sindikuti mupereke ndalama kwa aliyense wotambasula dzanja; anthu odziwa za ana a mumseu amachenjeza kuti ndalama yoperekedwa chomwecho nthawi zina imawasunga mumseumo. Koma kugawana naye chigumu chimene mwanyamula, kumfunsa dzina, ndi kuyankha mwana wanu moona kuti ameneyu ndi mwana ngati iwe amene zinthu zidamuvuta kwao, zimenezi sizisowa chuma. Mwina pa ulendo wonse phunziro lalikulu likhala limeneli, lakuti mzinda wa magetsi ulinso ndi njala, ndiponso njala yake ilibe mnansi.

Tsono za kogona. Ife timati kwa mbale sapempha malo, ndipo mwambo umenewu ngwokoma. Koma amene akhala ku Chibavi, ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, amagula zonse: ufa, makala, madzi, ngakhale masamba a ndiwo amene kwathu tingothyola kuseri kwa nyumba. Banja la anthu asanu likafika mosadziwitsa, pakati pa mwezi, manja ali lende, mwini nyumba adzamwetulira, napita mobisa kukakongola. Chisangalalo chathu chalipiridwa ndi wina. Masiku ano foni ili paliponse, ndipo palibe chifukwa chofikira mwadzidzidzi. Funsani ngati nthawi ili yabwino, ndipo funsani mwa njira yakuti mbaleyo athe kukana wosachita manyazi. Nyamulani ufa, nyemba, mbatata ya kachewere, nkhuku ngati ilipo. Akulu adati mlendo ndi mame. Mame akakhalitsa mpaka masana asanduka chinthu china.

Za kusamala ana m'khamu, Mthenga Wabwino wa Luka Woyera utipatsa chitsanzo chimene chiyenera kutonthoza ndi kuchenjeza makolo onse pamodzi. Maria ndi Yosefe, anthu a kumudzi ku Nazarete, ankapita ku Yerusalemu chaka ndi chaka pa chikondwerero cha Paska, ulendo wa makilomita oposa 100, ndipo Yezu ali ndi zaka 12 adapita nao. Sadaone kuti kutenga mwana ku mzinda waukulu nkuononga. Koma pobwerera adayenda tsiku lathunthu alikuyesa kuti mwanayo ali ndi abale m'gulu la apaulendo, ndipo adampeza patapita masiku atatu. Taonani mmene mwana amasowera: palibe amene adamtaya, aliyense adangoyesa kuti ali ndi wina. Kumudzi kuganiza kotere sikupweteka, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mudzi wonse umdziwa. M'depoti ya mabasi mulibe amene amdziwa. Chifukwa chake makolo agawane ana ndi maina asanatsike, wakuti ali m'manja mwa wakuti. Mwana aliyense wodziwa kulankhula aloweze dzina lonse la bambo wake ndi la mudzi wake. Ndipo kapepala ka nambala ya foni kaikidwe m'thumba la wamng'ono. Kumene anthu apanikizana pa chipata, musalowe ndi ana, ngakhale zoonerera zikhale zaulere. Pa 6 Julaye 2017, pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lino, anthu 8 adafa poponderezana pa chipata cha Bingu National Stadium ku Lilongwe, ndipo ochuluka mwa iwo adali ana.

Popeza tatchula Lilongwe: ena amalakalaka kukafika komweko, kuti ana akaone nyumba ya malamulo imene idatsegulidwa mu 2010, manda a Kamuzu, ndi ndege pa bwalo la ku Lumbadzi. Kwa a ku Jenda ndi ku Champhira nkotheka. Kwa a ku Chikangawa, ndi ana osafika zaka zisanu, ine ndiyesa kuti masiku awiri achepa. Mwana adzakumbukira kutentha kwa m'basi ndi kusanza, osati nyumba ya malamulo. Ulendo uyesedwe ndi miyendo ya wamng'ono koposa onse. Lilongwe adikire tchuti.

Chatsala ndi Lamulungu. Papa John Paul II, m'kalata yake Dies Domini ya mu 1998, adavomereza kuti mpumulo wa kumapeto kwa sabata uli ndi ubwino wake, koma adachenjeza kuti akristu asausokoneze ndi tsiku la Ambuye. Ulendo wokasangalala suchotsa lamulo la Misa, makamaka pamene mulikupita kumene matchalitchi ali pafupi kuposa kwanu. Kunena zoona, kwa banja lochokera ku nthambi yakutali, kumene wansembe afika kamodzi pa miyezi ingapo ndipo Malamulungu ena onse atsogolera ndi katekisiti, Misa ya ku katedrale ya Petro Woyera ndi chimodzi mwa zazikulu zimene mzinda ungaonetse mwana. Aona tchalitchi chodzaza, amva kwaya, aona aphunzitsi, anamwino ndi a kabaza atagwada pa benchi limodzi, ndipo azindikira kuti mapemphero amene amanena m'katchalitchi kao ndi omwewo. M'sitolo adafunsidwa ndalama. Muno safunsidwa kanthu kuti akhale pansi. Kusiyana kumeneku mwana amakumva ngakhale sangathe kukufotokoza.

Chovuta chimakhala nthawi. Makolo amaopa kuti akachedwa ku tchalitchi adzasowa galimoto, kapena adzadutsa m'nkhalango usiku, pamene nkhungu ya pa Viphya itseka mseu ndipo malole a matabwa ali panjira. Mantha amenewa ngoyenera. Njira yake ndi kufunsa Loweruka lomwelo nthawi ya Misa yoyamba, kumanga katundu usiku, ndi kupita ku tchalitchi mutatsazika kale eni nyumba, kuti potuluka mulunjike ku depoti. Banja lotero lifika pa Chikangawa dzuwa likadali pamwamba, ana asamba, nagona msanga, pakuti Lolemba kuli sukulu.